Ayn Rand, andale a ku Washington ndi oyimba a Rush: kodi wasenza dziko ndani?

Amene timakonza m'maofesi usiku cha ku K Street kapena ku Capitol Hill tiyenera kuti tinalionapo buku ili popukuta fumbi pa mashelefu. Ndi chibuku chonenepa ngati njerwa, masamba opitirira 1,000, dzina lake Atlas Shrugged, ndipo analemba ndi mayi wina wotchedwa Ayn Rand. Enanu munaliona m'nyumba za agogo amene mumawasamalira ku Bethesda kapena ku McLean. Titakumana ulendo wapita uja tinagwirizana kuti mmodzi wa ife aliwerenge, afufuzenso za moyo wa mlembi wake, kenako adzatiuze ngati muli kanthu. Maere anagwera ine. Ndaliwerengera m'basi, mu sitima ya Red Line ndiponso pa nthawi yopuma pa shifiti, moti maso atsala pang'ono kuboola.

Ndinene poyambirira pomwe zimene ndapeza. Rand anali munthu wobwera ngati ife tomwe. Anaona nkhanza zenizeni za boma, ndipo pali zina zimene ananena zoona. Koma pofotokoza mbiri yake anafufuta anthu onse amene anamugwira dzanja, ndiye chiphunzitso chake chonse anachimanga pa kufufuta kumeneko. Andale a mumzinda uno anatengako zowakomera. Anyamata atatu oyimba nyimbo za rock a ku Canada anamumvetsa kuposa andalewo, ndipo n'chifukwa chake patapita nthawi anamusiya.

Mtsikana wa ku Petrograd

Anabadwa pa 2 Febuluwale 1905 ku St Petersburg, mzinda wa ku Russia umene pambuyo pake unatchedwa Petrograd, kenako Leningrad. Dzina lake lobadwa nalo linali Alisa Rosenbaum ndipo banja lawo linali la Chiyuda. Bambo ake anali ndi sitolo ya mankhwala. Chipani cha Bolshevik chitalanda boma mu 1917, asilikali anabwera n'kulanda sitoloyo, amvekere ndi ya anthu onse tsopano. Alisa anali asanakwane zaka 14. Banja lomwe linali ndi antchito a m'nyumba linayamba kuima pa mzere wa chakudya. Bala limenelo silinapole mpaka imfa yake. Kuyambira pamenepo, aliyense wonena kuti "tonse" kapena "ubwino wa dziko" iye ankamuona ngati msilikali wogogoda pakhomo ndi mfuti.

Ifeyo Amalawi tisafulumire kumuseka pamenepa. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu tikudziwa kuti khadi ya chipani inali chiyani pa chipata cha msika ndi pokwera basi. Tikudziwa kuti wolemba ndakatulo Jack Mapanje anakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Munthu akamati boma likhoza kusanduka chilombo, sitifuna womasulira.

Mu 1926 Alisa anafika ku New York ndi chiphaso chongodzacheza kwa achibale. Mayi ake ndi amene analembera achibale a ku Chicago kuti amuitane, ndipo anagulitsa zibangiri zawo kuti ulendo utheke. Achibalewo anamusunga miyezi 6, anamuthandiza kuwonjezera masiku a chiphaso, anamulipirira sitima yopita ku Hollywood n'kumupatsa ya m'thumba. Kumeneko anakhala pa hositelo ya atsikana ya mtengo wotsika yoyendetsedwa ndi bungwe la YWCA. Mkulu wa mafilimu Cecil B. DeMille anamupatsa ganyu. Zinthu zitavuta anaperekera zakudya m'lesitilanti, anamata maenvulopu, anagwira m'chipinda cha zovala ku situdiyo ya RKO. Mu 1929 anakwatiwa ndi Frank O'Connor, mapepala ake anakonzeka, ndipo mu 1931 anakhala nzika. Mwamva zachilendo apa? Ndi mbiri ya theka la anthu amene timakhala nawo pa gulu lino.

Tsono tamverani izi. Mu 1957, kumapeto kwa Atlas Shrugged, analemba mawu ochepa ofotokoza za iye mwini, ndipo mmenemo ananena kuti palibe amene anamuthandiza. Mayi a zibangiri aja, achibale a ku Chicago, hositelo ija, onse anazimiririka. Anaiwalanso Archibald Ogden, mkonzi wa pa kampani ya Bobbs-Merrill, amene anauza mabwana ake kuti asiya ntchito akapanda kusindikiza buku la Rand lomwe makampani 12 anali atalikana. Ngakhale yunivesite ya ku Petrograd imene anamaliza mu 1924 anailowa chifukwa choti kusintha kwa boma komwe ankadana nako kuja kunatsegulira atsikana zitseko. Kwathu munthu wotere timati waiwala kumene anachoka.

Mabuku ake amati chiyani

Mabuku atatu ndi amene atikhudze pano. Kabuku ka Anthem, ka mu 1938, n'kakafupi. Kamasimba za dziko la m'tsogolo kumene mawu oti "ine" analetsedwa, aliyense amangoti "ife". Mnyamata wina wosesa mumsewu atulukira magetsi, apita nawo kwa akuluakulu mosangalala, iwo n'kufuna kuwaphwanya chifukwa anawapanga yekha osauzidwa.

The Fountainhead, la mu 1943, ndi nkhani ya Howard Roark, katswiri wojambula mapulani a nyumba amene salola munthu kusintha ngakhale mzere umodzi pa ntchito yake. Ena atasintha pulani yake ya nyumba za anthu osauka, iye aziphulitsa ndi bomba, ayankhula m'khoti, ndipo khoti limumasula.

Atlas Shrugged ndiye chimake. Atlas ndi chimphona cha m'nthano za Agiriki chimene chinasenza thambo pamapewa, ndipo ojambula amakonda kuchionetsa chitasenza dziko lonse. Funso la bukuli n'lakuti, bwanji chimphonacho chitatopa n'kutula? Kwa Rand, osenza dziko ndi eni mafakitale, eni njanji, eni mabanki ndi akatswiri otulukira zinthu. Munthu wina dzina lake John Galt awanyengerera mmodzimmodzi kuti anyanyale ntchito n'kukabisala m'chigwa cha ku Colorado. Dziko ligwa, magetsi a ku New York azima. Ndi sitalaka ya mabwana, abale anga. Ndipotu dzina limene Rand anayamba wapatsa bukuli linali loti sitalaka.

Chiphunzitso chake anachitcha Objectivism. Mwachidule: kulibe Mulungu, nzeru za munthu ndiye zonse, cholinga cha moyo wako ndi chimwemwe chako, kudzipereka chifukwa cha ena ndi choipa, boma ligwire ntchito zitatu basi, apolisi, asilikali ndi makhoti, china chilichonse chisiyidwe ku msika. Mu 1964 anatulutsa buku limene dzina lake lenileni limati kudzikonda ndi khalidwe labwino.

Tisaname, mayiyu ankadziwa kukoka wowerenga. Mutu umene Dagny Taggart, mzimayi woyendetsa kampani ya njanji, akwera sitima yoyamba pa njanji yatsopano unandipitiriza siteshoni yanga. Kuika mzimayi pampando wotero mu 1957 sichinali chinthu chamasewera. Komanso Rand amalemekeza ntchito yogwiridwa bwino, ndipo aliyense amene anayalapo bedi la wodwala mwaluso kapena kumanga khoma loongoka amva kukoma pamenepo.

Koma ngati nthano, bukuli lili ndi matenda. Anthu ake ali mitundu iwiri yokha: akatswiri aatali, okongola, a maso akuthwa, ndi tizilombo tofooka, tonenepa, tolira. Wapakati palibe, wosintha maganizo chifukwa cha chifundo palibe. Galt ayankhula pa wailesi masamba pafupifupi 60 osapuma, kuposa mlaliki wa pa depoti. Pali mutu wina woopsa: sitima ilowa mumphanga, anthu onse afa ndi utsi, ndipo asanafe mlembi ayenda chipinda ndi chipinda kutionetsa kuti wokwera aliyense, ngakhale mayi wa ana awiri, anali ndi maganizo olakwika amene anabweretsa ngoziyo. Whittaker Chambers, amene nayenso ankadana ndi chikomyunizimu, analemba m'magazini ya National Review mu Disembala 1957 kuti m'bukumo munthu amamva liwu lolamula osagwirizana nalo kuti apite kokaphedwa. Anawonjeza mchere, koma sananame kotheratu.

Ine chimene chinandipweteka ndi Eddie Willers. Ameneyu ndi wantchito wokhulupirika wa Dagny, si katswiri, si waulesi, amangogwira ntchito yake moona mtima. Kumapeto akatswiri onse ali m'chigwa chawo, Eddie atsala yekha m'chipululu pa sitima yakufa. Palibe wobwerera kukamutenga. Eddie ndi ife.

Ndiye taonani chigwa cha akatswiricho. Palibe chopatsana chaulere, ngakhale kubwerekana galimoto amalipiritsana. Ana amangooneka awiri basi. Palibe nkhalamba yoiwalaiwala yofunika kuisambitsa, palibe wolumala, palibe wosintha matewera a munthu wamkulu 3 koloko m'bandakucha. Paradaiso wa Rand amatheka chifukwa ntchito imene ambirife timagwira kuno anaichotsamo. Munthu amabadwa wosathandizika ndipo ambiri timafa osathandizika. Chiphunzitso chongoona zaka zapakatizo chaona theka la munthu.

Khalidwe la mayiyu

Ku New York Rand anali ndi kagulu ka omutsatira kamene kankakumana kunyumba kwake Loweruka madzulo. Mwanthabwala ankadzitcha dzina la Chingerezi lotanthauza gulu la onse pamodzi, chinthu chimene ankati amadana nacho. Nthabwalayo inasanduka zoona. Amene anatulukamo anafotokoza kuti munthu ankazengedwa mlandu pamaso pa anzake chifukwa chokonda nyimbo kapena chithunzi chimene Rand sankachikonda. Mlaliki wa ufulu wa munthu payekha sankapirira munthu woganiza payekha.

Cha m'ma 1954 anayamba chibwenzi ndi wophunzira wake Nathaniel Branden, wocheperapo ndi zaka 25. Anaitanitsa mwamuna wake ndi mkazi wa Branden n'kuwafotokozera kuti nzeru ikufuna kuti avomereze, ndipo anavomereza. Mu 1968 atadziwa kuti Branden ali ndi mkazi wina wachitsikana, anamuthamangitsa, anamunyoza m'kalata yake ya mwezi ndi mwezi osatchula chifukwa chenicheni, ndipo otsatira anauzidwa kusankha mbali. Mng'ono wake Nora, amene anasiyana naye zaka pafupifupi 50, anabwera kuchokera ku Leningrad mu 1974. Anakangana, Nora anabwerera, ndipo ubale unathera pomwepo.

Pa nkhani ya mitundu ya anthu anali ndi pakamwa pawiri. Mu 1963 analemba kuti tsankho la khungu ndi uchitsiru wotsikitsitsa, koma anatsutsa mbali ya lamulo la ufulu wa anthu la 1964 yoletsa eni malesitilanti ndi mahotela kukana anthu akuda, ati katundu ndi wa mwini. Mu 1974, poyankha mafunso pa sukulu ya asilikali ya West Point, ananena kuti eni nthaka a dziko lino analibe ufulu pa malo awo chifukwa sanawatukule. Ife amene agogo athu analandidwa minda ku Thyolo ndi ku Mulanje n'kumagwira thangata, mawu amenewo tinawamvapo kale.

Chimodzi ndimuyamikire. Mu 1973 ku Boston munthu wina anamufunsa ngati si bwino kutseka malire kuti obwera asatsitse malipiro. Rand anakana kwamtuwagalu, n'kukumbutsa kuti iye mwini sakanakhala ndi moyo malire a America akanakhala otseka. Ambiri omutamanda lero mawu amenewa amawalumpha.

Ankasuta fodya kwambiri, ndipo mu 1974 anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mapapo. Pambuyo pake analembetsa ku Social Security ndi Medicare, ndondomeko za boma za penshoni ndi chipatala cha okalamba zimene ankazitcha kuba. Omuikira kumbuyo amati ankangotenga zake zimene boma linamudula, ndipo iye analembapo zotero mu 1966. Chabwino, sindikumutcha wakuba. Ndikungoti thupi litafooka, chimene chinamugwira ndi thumba limene anthu wamba mamiliyoni, a Eddie Willers, anasonkhamo. Anamwalira pa 6 Malichi 1982, ndipo pambali pa bokosi lake panali nkhata ya maluwa yaitali ngati munthu, yopangidwa ngati chizindikiro cha dola.

Mmene analowera mu Washington

M'mabuku ake Washington ndi phanga la mbava. Koma ndi mzinda uno umene wamusunga wamoyo. Anabwera kuno mu Okutobala 1947 kudzachitira umboni ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yosaka achikomyunizimu m'mafilimu, ntchito imene inathera pa kutsekera anthu ambiri mwayi wa ntchito. Anabweranso mu Seputembala 1974, kudzaima pambali pa Pulezidenti Gerald Ford ku White House pamene mwana wa m'kagulu kake kaja, Alan Greenspan, ankalumbira kukhala mkulu wa alangizi a zachuma.

Greenspan ameneyu anadzakhala mkulu wa Federal Reserve, banki yaikulu ija ili pa Constitution Avenue, kuyambira 1987 mpaka 2006. Ankakhulupirira kuti mabanki, pofuna kuteteza phindu lawo, adzadzisamala okha popanda boma kuwalondalonda. Mu 2008 msika wa ngongole za nyumba unagwa. Prince George's County, kumene ambirife timakhala, ndi limodzi mwa madera amene nyumba zinalandidwa kwambiri mu Maryland. Pa 23 Okutobala 2008 Greenspan anakhala pamaso pa komiti ya Henry Waxman n'kuvomera kuti wapeza cholakwika m'kaganizidwe kamene anakatsatira zaka 40. Sindikuti Rand ndiye anagwetsa chuma, zifukwa zinali zambiri. Koma wophunzira wake wamkulu anayesa chiphunzitsocho pa dziko lenileni, ndipo amene analipira si iye.

Wachiwiri ndi Paul Ryan, amene anakhala Sipikala kuyambira 2015 mpaka 2019. Mu 2005, pa mwambo wokumbukira zaka 100 za Rand kuno ku Washington, anauza bungwe la Atlas Society kuti mayiyu ndi amene anamulowetsa ndale. Ankagawira antchito a mu ofesi yake Atlas Shrugged ngati mphatso ya Khrisimasi. Mabajeti ake ankafuna kuchepetsa ndalama za Medicaid ndi za thandizo la chakudya. Amene mumasamalira odwala m'makomo mukudziwa kuti malipiro a ambiri a inu amachokera ku Medicaid komweko. Mu Epulo 2012 aphunzitsi ndi ansembe pafupifupi 90 a pa yunivesite ya Georgetown anamulembera kalata kuti bajeti yake ikufanana ndi Rand kuposa Uthenga Wabwino. Ryan, yemwe ndi Mkatolika, anati chiphunzitso cha Rand amachikana chifukwa n'chosapembedza. Komatu Ryan yemweyo, bambo ake atamwalira iye ali ndi zaka 16, analandira ndalama za ana amasiye za Social Security ndipo zinamuthandiza kulipira koleji.

Mndandanda ndi wautali. Woweruza wa khoti lalikulu Clarence Thomas amaonetsa omuthandiza ake filimu ya The Fountainhead ya mu 1949. Donald Trump ananena mu 2016 kuti amadziona mwa Howard Roark. Travis Kalanick, mmodzi mwa oyambitsa Uber, anaikapo chikuto cha bukulo ngati chithunzi chake pa Twitter. John Allison, mkulu wakale wa banki ya BB&T amene ankapereka ndalama ku makoleji kuti aziphunzitsa Rand, anatsogolera Cato Institute kuyambira 2012 mpaka 2015, pa Massachusetts Avenue, msewu womwewo umene pali ofesi ya kazembe wathu.

Chodabwitsa n'chakuti Rand mwini akanawathamangitsa pafupifupi onse. Ankanyoza chipani cha Libertarian, ankadana ndi Ronald Reagan chifukwa chosakaniza ndale ndi chipembedzo, ankavomereza kuchotsa mimba. Andale anasiya zonsezo. Anatola chinthu chimodzi: chilolezo choti wolemera asamve manyazi, ndi choti wosauka azionedwa ngati katundu wolemetsa.

Mphepo imeneyi inafika ndi kwathu. Akatswiri a IMF ndi World Bank, amene maofesi awo ali pa 19th Street, sanali ophunzira a Rand, ndipo tisawanamizire. Koma chikhulupiriro choti boma lichoke, msika ukonza zonse, chinali cha m'nyengo imodzi. Tinachiona misika ya ADMARC ikutsekedwa, sabuside ya feteleza ikuchotsedwa m'zaka za m'ma 1990, ndi chimanga cha m'nkhokwe za dziko chikugulitsidwa njala ya 2002 isanafike, ngakhale pamenepo akuluakulu athu omwe anali ndi mlandu wawo.

Anyamata atatu a ku Toronto

Rand sankakonda nyimbo za rock. Mu 1969 anayerekeza ulendo wa ku mwezi wa Apollo 11, umene anakaonerera ukunyamuka, ndi chikondwerero cha nyimbo cha Woodstock: uku nzeru, uku matope. Iye ankakonda Rachmaninoff ndi tinyimbo tovina ta ubwana wake. Koma rock inamukonda.

Gulu la Rush linali la anthu atatu: Geddy Lee, mwana wa Ayuda a ku Poland amene anapulumuka ku misasa ya Hitler, Alex Lifeson, mwana wa obwera ochokera ku Serbia, ndi woimba ng'oma Neil Peart, amene analowa mu 1974 ndipo ndiye ankalemba mawu a nyimbo. Awiri mwa atatuwa anali ana a matchona, ngati ana athu amene akukulira ku Silver Spring ndi ku Hyattsville. Chimbale chawo cha mu 1975, Caress of Steel, sichinayende malonda. Kampani ya Mercury inawauza kuti aziimba tinyimbo tatifupi ta pa wailesi. Iwo anachita zosemphana: mu 1976 anatulutsa 2112, chimene mbali yake yoyamba ndi nyimbo imodzi ya mphindi 20. Nkhani yake ndi ya munthu wa m'dziko lolamulidwa ndi ansembe amene atola gitala yakale kuphanga, apita nayo kwa ansembewo, iwo n'kuiphwanya. Peart ataona kuti nkhaniyo yafanana ndi Anthem, analemba dzina la Rand pa chikuto pomuthokoza. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri ndipo kuyambira pamenepo kampani sinawalamulenso.

Apa ndi pamene Rand ali ndi ntchito. Wachinyamata waluso amene akuuzidwa kuti usadzionetse, chita zimene anzako akuchita, amafunika wina womuuza kuti luso lako ndi lako. Ife a dziko limene lamulo la 1973 linkayeza kutalika kwa siketi, limene mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pa bwalo la ndege, ndiponso nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa cha dzina chabe, nkhani ya gitala yophwanyidwa timaimva m'mafupa.

Koma kuthokozako kunawavutitsa. Mu 1978 nyuzipepala ya nyimbo ya ku Britain, NME, inawafanizira ndi otsatira ulamuliro wankhanza wa mtundu wa Hitler. Taganizani mmene Geddy Lee anamvera, mwana wa mayi amene anatuluka wamoyo ku Auschwitz ndi ku Bergen-Belsen. Kumeneko kunali kulakwa kwa wolemba nkhaniyo.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho phunziro. Peart anapitiriza kuwerenga ndi kuyenda, mpaka anazungulira Cameroon pa njinga yakapalasa mu 1988. Mu Ogasiti 1997 mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo anafa pa ngozi ya galimoto, ndipo patangotha miyezi 10 mkazi wake anamwalira ndi khansa. Anauza anzake kuti amuone ngati wapuma ntchito, anakwera njinga yamoto n'kuyenda makilomita 88,000. Mwa nzeru ya msika, Lee ndi Lifeson akanalemba woimba ng'oma wina. Sanatero. Anadikira mpaka mnzawo anabwerera yekha, ndipo chimbale chotsatira chinatuluka mu 2002. Atatuwa anakhala limodzi kuyambira 1974 mpaka 2015. Kumeneko si kudzikonda, ndi kulira maliro ndi mnzako.

Mu 2010 Rand Paul, amene tsopano ndi seneta wa ku Kentucky, ankaika nyimbo za Rush pa misonkhano yake ya kampeni, ndipo loya wa gululi anamulembera kuti asiye. Dzina lake lisakusokonezeni, ndi chidule cha Randal, ngakhale mabuku a mayiyu anawawerenga. Mu 2012 Peart anauza magazini ya Rolling Stone kuti Rand anamuthandiza ali mnyamata koma anamupitirira, ndipo tsopano amakhulupirira ufulu wa munthu pamodzi ndi kuthandiza ovutika, chifukwa anthu sayambira pa mzere umodzi. Anamwalira pa 7 Januwale 2020. Chaka cha 2012 chomwecho Paul Ryan atanena kuti amakonda gulu la Rage Against the Machine, woimba gitala wa gululo Tom Morello anamuyankha kuti iyeyo ndiye chimakina chimene akhala akulimbana nacho. Oyimba anakula, andale anatsalira pa tsamba limene anawerenga ali ndi zaka 17.

Nanga ife?

Ndisabise, pali usiku wina pamene bukuli linandilankhula. Foni ikulira kuchokera kumudzi, uyu akufuna fizi, uyu feteleza, uyu malata, uyu akuti mwatiiwala, pamene iwe wagwira mashifiti awiri ndipo lendi sinakwane. Rand amakunong'oneza kuti moyo ndi wako, sunabadwire kusenza anthu. Ndipo pali choona pamenepo. Ena mwa ife tafika zaka 60 opanda kakhobidi kosunga chifukwa choopa kunena kuti ayi. Umunthu umene umadya munthu mmodzi mpaka mafupa si umunthu. Kuphunzira kukana nthawi zina si tchimo.

Koma funso la Atlas tiliyankhe ndi mbiri, poti ndife gulu la mbiri. Mu Epulo 1974 ndege ya WENELA inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi. Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. Silinali sitalaka la iwo eni, linali lamulo la munthu mmodzi, koma zotsatira zake zinaoneka: eni migodi ya golide a ku Johannesburg anasowa mtengo wogwira, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zinawakakamiza kukweza malipiro. Mu Meyi 1992 antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, patangopita miyezi iwiri chiwerengedwere kalata ya maepiskopi, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavotera zipani zambiri. Ufulu wa munthu payekha umene Rand ankaulira tinaupeza pogwirana manja. Kuno, mu 1995, okonza m'maofesi a Justice for Janitors anatseka milatho yolowera mu Washington. Pa 16 Febuluwale 2017, tsiku lopanda obwera, malesitilanti ambiri a mumzinda uno anatseka. Mu 2020 mliri utafika, boma linalemba mndandanda wa antchito ofunika kwambiri, ndipo munali osamalira odwala, oyendetsa mabasi, okonza, ogulitsa m'masitolo. Chaka chomwecho Ayn Rand Institute inalandira ngongole ya boma yothandiza mabungwe kulipira antchito.

Sindikuti katswiri alibe ntchito. Wotulukira mankhwala ndi wojambula mlatho ndi ofunika, ndipo nsanje yogwetsa waluso ndi matenda amene kwathu timawadziwa bwino. Koma mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala wanzeru chotani. Ambirife tinafika kuno chifukwa wina anagulitsa ng'ombe, wina anatigoneka pa sofa miyezi itatu, wina anatilozera kumene akulemba ntchito. Mmodzi wa ife akamwalira timasonkha kuti thupi lipite kumudzi. Rand anali ndi anthu ake otero, ndipo anawafufuta.

Ana athu adzakumana naye, kusukulu kapena pa intaneti, poti bungwe lake limagawa mabuku ake aulere kwa aphunzitsi a kusekondale ndi kuchititsa mipikisano ya zolemba. Musawalande bukulo. Alekeni awerenge, kenako muwafunse kuti Eddie Willers anathera kuti, ndiponso muwauze dzina la munthu amene anakulandirani pa bwalo la ndege la Dulles. Amene mukufuna kulawa, yambani ndi Anthem, mumaliza madzulo amodzi ndipo ku laibulale iliko. Tikadzakumana ndidzabweretsa 2112 kuti timvere limodzi, mphindi 20 zokha, kenako tikambirane.